Musanadule thabwa: kasankhidwe ka kuka, firiji ndi zipangizo zina pokonzanso khitchini

Munthu akaganiza zokonzanso khitchini, mtima umathamangira ku makabati, matailosi ndi penti, poti ndi zimene maso amaona. Kuka, firiji ndi zinazo amati adzagula ntchito ikatha. Kumeneko n'kuyambira kumchira. Kalipentala angathe kuwonjezera kapena kuchotsa masentimita 3 pa thabwa osatuluka n'thukuta lomwe, koma palibe mmisiri amene angapale firiji kuti ichepe. Zipangizo zisankhidwe kaye, makabati azitsatira pambuyo.

Ine ndinazidziwa mochedwa. Firiji yanga inakwana bwinobwino pakona pamene ndinaikonzera, ndipo ndinadzitama kuti tepi ndimaidziwa. Madzulo ake, pofuna kusolola dirowa ya pansi, chitseko chinagunda khoma chisanatseguke mokwanira, dirowayo n'kukodwa pa mashelefu a kuchitseko. Ndinali nditayeza firiji yotseka, osaganizako za firiji yotsegula. Kwa zaka zingapo, tsiku lotsuka firiji linkayamba n'kuikoka kaye, kuipotoza, kenako n'kuikankhiranso m'malo mwake, pansi pakukandika. Malangizo ali m'munsiwa ndi ndondomeko imene ndikanatsata ndikanakhala kuti wina anandiuza.

Choyamba, dzionereni nokha mmene mumaphikira

Kwa mlungu umodzi, musanapite kusitolo kapena kutsegula intaneti, ikani pepala ndi cholembera m'khitchini. Muzilemba mapoto amene amakhala pamoto nthawi imodzi, masiku amene mwayatsa uvuni, ndiponso zimene zasowa malo mufiriji. Yezani pansi pa poto wanu wamkulu kwambiri. Ambiri amadabwa akaona kuti mapuleti amene amagwira ntchito ndi awiri okha, koma vuto lawo n'lakuti mapoto awiri akuluakulu sakwana moyandikana. Munthu wotero sakufunika mapuleti ambiri, akufunika mapuleti otalikirana.

Lembaninso za anthu a m'nyumbamo. Ngati wophika amadandaula msana, uvuni wapansi udzamuzunza. Ngati muli ana okwawa, mabatani a kutsogolo kwa kuka ndi choseweretsa chawo. Ngati mumagula chakudya chambiri kamodzi pamwezi, mbali youmitsa ya firiji ndi imene ikule, osati inayo.

Chachiwiri, fufuzani zimene zili kuseri kwa khoma

Apa m'pamene ndalama zambiri zimalowera mosayembekezereka, ndiye tipakhalitse. Chipangizo chilichonse chachikulu chimafuna china mwa zinthu zinayi izi: magetsi, gasi, madzi, kapena njira yotulutsira mpweya panja. Itanani wamagetsi ndi pulambala nthawi ino, makoma asanapakidwe penti, ngakhale musanasankhe chilichonse.

Masamu a magetsi ndi osavuta. Mphamvu ya chipangizo imalembedwa m'mawati, ndipo mukaigawa ndi mavolti a m'nyumba mwanu mumapeza ma amp amene waya ayenera kunyamula. Kuka yamagetsi ya mapuleti anayi imatha kufika mawati 7,200 kapena kuposerapo pang'ono mapuleti onse akayaka. Pa mavolti 230, amenewo ndi ma amp pafupifupi 31. Soketi wamba imanyamula ma amp 13 kapena 16 basi, kutengera dziko. Choncho kuka yotere siilumikizidwa pa soketi ya ketulo. Imafuna waya wakewake wonenepa, kuchokera pa bokosi la mabuleka, ndi buleka yakeyake, kawirikawiri ya ma amp 32. Uvuni wapadera umadya mawati apakati pa 2,000 ndi 3,600, ndipo wina umalowa pa pulagi pamene wina umafuna waya wake. Firiji imadya pang'ono, koma ipatseni soketi yake imene mungaifikire popanda kusuntha firijiyo. Wamagetsi aonenso ngati nyumba ili ndi waya wa pansi, uja wotchedwa earth, wogwira ntchito komanso buleka yodula magetsi akamadutsa m'thupi la munthu, imene imatchedwa RCD, chifukwa m'khitchini madzi ndi magetsi zimakhala moyandikana.

Samalani ndi katundu woitanitsa kunja. Ku Europe, mu Africa ndi mbali yaikulu ya Asia magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 220 mpaka 240, pa 50 Hz. Ku United States ndi ku Canada masoketi wamba ndi a mavolti 120, pa 60 Hz. Chipangizo chopangidwira mbali ina sichigwira bwino mbali inayo, ndipo china chimapsa pompo. Ngati kwanuko magetsi amathimathima, kapena nyumba imadalira magetsi a dzuwa, mfundo imeneyo yokha ingakusankhireni kuka, chifukwa mabatire a panyumba salimbana ndi mawati 7,000 kwa nthawi yaitali.

Gasi naye ali pawiri. Wina amabwera m'masilinda, ndiye LPG, wina amabwera m'mapaipi a mumzinda. Awiriwa amafuna timabowo ta moto tosiyana kukula. Kuka yokonzedwera gasi wa m'mapaipi mukailumikiza ku silinda osasintha timabowoto, moto umakhala waukulu, wachikasu, wodetsa mapoto ndi mwaye. Makuka ambiri amabwera ndi timabowo ta mitundu yonse iwiri m'kathumba, ndiye funsani kathumbako musanachoke m'sitolo. Dziwaninso kuti gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, moti akadontha amatsikira pansi n'kudikha ngati madzi. Kabati yosungira silinda ikhale ndi mabowo m'munsi otulukira panja, ndipo kumene malamulo amafuna kuti silinda ikhale panja, ikhaledi panja.

Chachitatu, tengani tepi

Yezani chilichonse katatu: m'lifupi, m'litali ndi kulowa kwake m'kati. Poyeza mpata wa pakati pa makoma awiri, yezani pansi, pakati ndi pamwamba, kenako mutenge nambala yaing'ono, chifukwa makoma owongoka ndendende ndi osowa. Musaiwale kuti matailosi atsopano adzakweza pansi ndi sentimita imodzi kapena awiri. Makina ambiri otsukira mbale atsekeredwa m'malo mwawo chifukwa matailosi anaikidwa kutsogolo kwake makinawo ali kale m'kati.

Chabwino n'chakuti opanga zipangizo amatsata miyeso yofanana. M'mayiko oyeza ndi masentimita, muyeso wofala ndi masentimita 60 m'lifupi, pa kuka, uvuni, firiji ndi makina otsukira mbale. Palinso makina ang'ono a masentimita 45 ndi makuka aakulu a masentimita 90. Pamwamba pa makabati pamakhala pa msinkhu wa masentimita pafupifupi 90, n'kulowa masentimita 60 kukafika kukhoma. Ku North America amayeza ndi mainchesi, ndipo kuka wamba ndi ya mainchesi 30, amene ndi masentimita 76. Komabe musadalire nambala yolembedwa pa chikwangwani cha m'sitolo. Chipangizo chilichonse chili ndi pepala la kaikidwe kake losonyeza kukula kwa bowo lofunika kudula ndi mpata wa mpweya. Pepala limenelo ndi limene mumupatse kalipentala, lenilenilo, osati nambala zongomuuza pafoni.

Kenako yezani zitseko zili chotsegula. Chitseko cha uvuni ndi cha makina otsukira mbale chimagwera kutsogolo masentimita 50 mpaka 60, ndipo kuseri kwake payenera kutsala poima munthu. N'chifukwa chake kanjira ka pakati pa makabati oyang'anizana kasachepere mita imodzi, ndipo ngati mumaphika awiri, kafike masentimita 120. Firiji ya pakona isiyireni masentimita angapo kumbali ya mahinjesi, malinga ndi pepala lake, kuti madirowa azisololoka. Njira yosavuta yoonera zonsezi ndi kujambula zipangizo pansi ndi choko kapena tepi yomata, zitseko zomwe, n'kuyendayendamo mutanyamula poto. Muoneka ngati mwasokonekera, koma mudzagunda khoma la choko m'malo mwa lenileni.

Akatswiri a pa University of Illinois, cha m'ma 1940, anafalitsa mfundo yakuti kuka, sinki ndi firiji zizikhala ngati nsonga zitatu, ndipo mtunda wa pakati pa ziwiri zilizonse usachepere mita 1.2 kapena kupitirira mamita 2.7. Mfundoyi anaipangira khitchini ya wophika mmodzi, ndiye si lamulo loti mugwetsere khoma. Chimene ndimatengapo ine n'chakuti pakati pa sinki ndi kuka pasadutse njira ya anthu, chifukwa m'pamene poto wa madzi owira amadutsa. Firiji isagundane ndi kuka kapena uvuni, ndipo isakhale pamene dzuwa limawomba masana onse.

Pomaliza pa zoyezazi, yezani njira yonse imene katundu adzadutse: geti, khomo lalikulu, makona a m'kanjira, masitepe. Firiji ya zitseko ziwiri zoyang'anizana imakhala ya masentimita pafupifupi 90 m'lifupi ndi 70 kulowa m'kati, pamene makomo ambiri a m'nyumba safika 90.

Chachinayi, sankhani kuka

Kuka ndi imene imalamula zina zonse, choncho iyambe ndiyo. Funso loyamba ndi la kapangidwe. Pali kuka yoima payokha, mapuleti pamwamba uvuni pansi, ndipo pali yogawa pawiri, mapuleti olowetsa pamwamba pa kabati ndi uvuni woikidwa kwina. Yoima payokha ndi yotsika mtengo, yosavuta kuika, ndipo mukasamuka mumainyamula. Vuto lake ndi timipata ta m'mbali mmene mumagwera nyenyeswa ndi mafuta, komanso kuti uvuni ukafa pamene mapuleti ali bwino, mumasowa chochita. Yogawa imakulolani kukweza uvuni kufika m'chiuno kapena pachifuwa, ndipo chimodzi chikawonongeka mumasintha chokhacho. Koma imadya makabati awiri ndi mawaya awiri.

Funso lachiwiri ndi la moto.

Gasi amamvera dzanja nthawi yomweyo, moto umaoneka ndi maso, poto aliyense amakhalapo, ngakhale wopindika pansi, ndipo magetsi akathima mumaphikabe. Kuipa kwake n'kwakuti kutentha kwambiri kumadutsa m'mbali mwa poto n'kulowa m'chipinda. Kumene kumafika m'chakudya sikukwana theka. Moto wa gasi umatulutsanso mpweya woipa, nitrogen dioxide, ndipo ukamayaka mosakwanira umatulutsa carbon monoxide, amene alibe fungo koma amapha. Choncho wosankha gasi wasankhanso chotulutsa utsi chabwino ndi zenera. Musagule kuka ya gasi yopanda kachipangizo kotseka gasi moto ukazima. Mukaiyang'ana pafupi, pambali pa puleti iliyonse pamaoneka timisomali tiwiri: kena n'koyatsira, kena ndi kameneka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yatsani, uzirani motowo kuti uzime, ndipo pakapita masekondi angapo mumve kaphokoso kakuti "tha", gasi n'kusiya kutuluka.

Mapuleti amagetsi akale, achitsulo aja, ndi olimba ndiponso otsika mtengo, koma amachedwa kutentha n'kuchedwanso kuzizira. Mukatsitsa moto, poto amapitiriza kubwata kwa mphindi zingapo, ndipo zophika zimasefukira inu mukuyang'ana. Agalasi ofiira pansi amachita changu pang'ono ndipo ndi osavuta kupukuta, koma zimene zatayikira zimapserera pagalasipo.

Mtundu wachitatu ndi induction. Pamwamba pake ndi galasi ngati inayo, koma pansi pa galasilo pali mawaya okulungidwa amene amapanga mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo imatenthetsa chitsulo cha poto weniweniyo, osati galasi. Galasi limangotenthedwa ndi poto. Pa mphamvu yonse imene kuka yadya, pafupifupi 85 pa 100 imalowa mu poto, n'chifukwa chake madzi amawira msanga ndipo khitchini sitentha. Imamvera dzanja ngati gasi, ndipo mukachotsa poto imasiya yokha. Ine ndikanati ndisankhenso lero, m'nyumba ya magetsi odalirika, ndikanatenga imeneyi mosazengereza. Koma walira mvula walira matope. Imafuna waya wonenepa uja, galasi limasweka likagweredwa ndi chinthu cholemera, ndipo si poto aliyense amene amagwirapo. Tengani maginito, muyese pansi pa mapoto anu onse. Amene maginito amata zolimba agwira ntchito. A aluminiyamu, a mkuwa, a galasi ndi adothi sagwira, pokhapokha ngati pansi pake anaikapo chitsulo. Mtengo wa mapoto atsopano muuwerengere limodzi ndi mtengo wa kuka. Ndipo ngati m'nyumbamo muli munthu amene anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda, afunse kaye dokotala wake.

Amene sakufuna kudalira chimodzi angathe kutenga kuka ya mapuleti ena a gasi, ena amagetsi, kapena mapuleti a gasi ndi uvuni wamagetsi. Kusakaniza kwachiwiriku kuli ndi nzeru, chifukwa uvuni wamagetsi umasunga kutentha mofanana kuposa wa gasi.

Pa uvuni, zofunika n'zochepa. Ukhale ndi fani yozunguza kutentha, kuti muziwotcha pa mashelefu awiri nthawi imodzi. Ndi fani, mumatsitsa kutentha ndi madigiri 20 poyerekeza ndi uvuni wopanda fani. Uvuni wa masentimita 60 umakhala wa malita 60 mpaka 75, koma m'malo mokhulupirira malita, pitani ndi thireyi yanu yaikulu mukailowetse. Chitseko chikhale cha magalasi atatu ngati muli ndi ana, chifukwa cha magalasi awiri chimawotcha kadzanja. Pali mauvuni odzitsuka okha, otchedwa pyrolytic, amene amatentha kufika madigiri pafupifupi 500 n'kusandutsa mafuta phulusa. Ndi abwino kwa owotcha nyama mlungu uliwonse. Kwa oyatsa uvuni kamodzi pamwezi, ndi ndalama yotaya.

Chachisanu, chotulutsa utsi

Ichi ndi chipangizo chimene anthu amachigula ndi ndalama zotsala, ndipo n'chimene chimateteza makabati atsopanowo ku mafuta ndi chinyezi. Chilipo cha mitundu iwiri. China chimakoka utsi n'kuutaya panja kudzera m'paipi. China chimangoudutsitsa m'sefa ya makala n'kuubwezera m'chipinda momwemo. Chachiwirichi chimachepetsa fungo ndi mafuta koma nthunzi imatsala, ndipo sefa ya makala imafuna kusintha pakatha miyezi ingapo. Ngati khoma lingabooledwe, booleni.

Mphamvu yake imalembedwa ndi chizindikiro cha m³/h, kutanthauza kuchuluka kwa mpweya umene chimakoka pa ola. Chulukitsani m'litali, m'lifupi ndi kutalika kwa khitchini, kenako muchulukitse ndi 10. Khitchini ya mamita 4 ndi 3, denga lili pa mamita 2.5, imapereka 30, ndiye mukufunika chokoka 300 pa ola kapena kuposerapo. Chikhale chofanana ndi kuka m'lifupi, kapena chokulirapo. Chipachikidwe masentimita pafupifupi 65 pamwamba pa mapuleti amagetsi ndi 75 pamwamba pa a gasi, pokhapokha pepala lake litanena zina. Paipi ikhale yaifupi, yosakhotakhota, ya kukula kumene wopanga wanena, kawirikawiri masentimita 15. Mukaichepetsa kuti ibisike bwino, chipangizocho chimalira kwambiri n'kumakoka pang'ono. Za phokoso musazipeputse. Limalembedwa m'ma dB, ndipo kukwera ndi 10 khutu limamva ngati phokoso lawirikiza. Chotulutsa utsi chosokosa palibe amachiyatsa, chimangosanduka nyale ya pamwamba pa kuka. Chiyatseni m'sitolo mumve nokha.

Chachisanu ndi chimodzi, firiji

Firiji ndi chipangizo chokhacho chimene chimagwira ntchito usana ndi usiku chaka chonse, choncho kulakwitsa apa kumalipiritsa mwezi ndi mwezi. Yambani ndi kachikwangwani kamene kali m'kati mwake kapena kumbuyo, pamene pamalembedwa nyengo imene firijiyo inapangidwira. SN ndi ya chipinda cha madigiri 10 mpaka 32, N ndi ya 16 mpaka 32, ST ndi ya 16 mpaka 38, ndipo T imafika 43. Kumbukirani kuti khitchini imatentha kuposa zipinda zina. Firiji ya N m'dera lotentha imangolira osapuma, chakudya osazizira bwino, kompuresa, injini yake yoziziritsa, n'kufa msanga. Ogulitsa ambiri satchula zimenezi, ndiye suzumirani nokha.

Za kukula, banja la anthu anayi nthawi zambiri limakwanira ndi malita 300 mpaka 400, koma pepala lanu la mlungu uja ndi limene linene zoona. Onani malita a m'kati mogwiritsidwa ntchito, osati a bokosi lonse. Mbali youmitsa ikakhala pamwamba, firiji imakhala yotsika mtengo ndipo kawirikawiri siidya magetsi ambiri. Ikakhala pansi, zimene mumatenga pafupipafupi zimakhala pamaso, osawerama. Ya zitseko ziwiri zoyang'anizana imaoneka yapamwamba, koma mbali iliyonse ndi yopapatiza moti thireyi yaikulu siilowa. Onetsetsani kuti mbali youmitsa ili ndi nyenyezi zinayi. Imeneyo ndi imene imafika madigiri 18 pansi pa ziro n'kuumitsa chakudya chatsopano. Ya nyenyezi zochepa imangosunga zouma kale kwa kanthawi.

Firiji zolembedwa frost free sizichita chipale cha madzi oundana, ndiye simuvutika ndi kusungunula, koma fani yake imaumitsa zakudya zosavundikira, ndipo zili ndi zipangizo zambiri zoti n'kuwonongeka. Kompuresa ya inverter imasintha liwiro m'malo mozima ndi kuyaka, choncho imachita phokoso lochepa ndipo imasunga magetsi, kungoti bolodi yamagetsi yoiyendetsa siigwirizana ndi magetsi okwera ndi kutsika. Ngati magetsi a kwanuko ndi otero, gulirani limodzi kachipangizo koteteza firiji kamene kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera. Zotulutsa madzi ozizira ndi ayezi pachitseko zimafuna paipi ya madzi ndi sefa yosinthasintha, ndipo n'zimene zimayamba kuvuta. Masikirini a pachitseko ndi zolumikiza ku intaneti, kwa ine, ndi chikomekome cha mkuyu. Firiji imatha zaka 10 kapena 15, koma mapulogalamu ake amakalamba ngati a foni.

Funsaninso ngati chitseko chingatembenuzidwe kuti chizitsegukira mbali ina. Chizitsegukira kumene kuli thabwa loikapo zinthu, osati kukutchingirani. Kumbuyo ndi pamwamba musiye mpata wotulukira kutentha, kawirikawiri masentimita 5 kapena kuposerapo. Firiji yoima payokha musaitsekere m'kabati ngati ija yopangidwira kulowa m'kabati, idzabanika.

Chachisanu ndi chiwiri, makina otsukira mbale ndi mayikulowevu

Makina otsukira mbale si atsopano ayi. Josephine Cochrane wa ku United States analandira chiphaso cha makina ake mu 1886. Amasiku ano amatsuka mbale za tsiku lonse ndi malita 9 mpaka 12 a madzi, ochepa kuposa amene ambiri timataya pa mpopi wotsegula. Ayenera kukhala pafupi ndi sinki, chifukwa amatenga madzi ndi kutayira pa mapaipi omwewo. A masentimita 60 ndi a banja, a 45 ndi a anthu awiri kapena atatu. Fufuzani zinthu zitatu: ngati madzi a m'nyumba mwanu amabwera ndi mphamvu imene pepala la makinawo likufuna, makamaka ngati amachokera m'thanki ya padenga, ngati mankhwala ake otsukira amapezeka kwanuko, komanso mchere wake kumene madzi amasiya zoyera m'ketulo, ndiponso ngati mbale yanu yaikulu ikukwana popanda kugunda chopemerera madzi chozungulira chija. Phokoso la ma dB 45 kutsika m'munsi silisokoneza macheza. Ngakhale musakuwafuna panopa, siyani kabati ya masentimita 60 pambali pa sinki, yokhala ndi soketi ndi paipi, kuti tsiku lina mudzangoichotsa.

Mayikulowevu musaitayire nthawi. Ya mawati 800 mpaka 1,000 ndi yokwanira. Ingoipezerani shelefu ndi soketi, pamsinkhu woti mbale yotentha muziitulutsa osakweza manja kupitirira mapewa.

Musanapereke ndalama

Werengani chikwangwani cha kadyedwe ka magetsi. Ku European Union anasintha cha mafiriji ndi makina otsukira mbale mu March 2021, n'kuchotsa A+, A++ ndi A+++, moti tsopano chimayambira pa A kulekezera pa G. Firiji imene kale inali A++ lero ingathe kulembedwa E, koma ndi yomweyo. Ku United States kuli chizindikiro cha Energy Star, chimene chinayamba mu 1992, ndipo mayiko ena ali ndi zawo za nyenyezi. Popeza zilembo zimasokoneza, yang'anani nambala ya kWh pa chaka, imene ndi mayunitsi a magetsi. Tiyerekeze kuti firiji ina yalembedwa 180, ina 300. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 120 pa chaka, ndipo pa zaka 12 ndi mayunitsi 1,440. Chulukitsani ndi mtengo wa yunitsi kwanuko, muone ngati yotsika mtengoyo ikadali yotsika.

Kenako pitani kwa munthu wokonza zipangizo zowonongeka, osati wogulitsa, mukamufunse mitundu imene amaiona kawirikawiri ndi imene masipeya ake amapezeka. Safunsa anadya phula. Wokonza amadziwa labala wa chitseko amene amasowa, bolodi imene imadula kuposa theka la kuka, ndi kampani imene imayankha foni. Chikalata cha galanti muchiwerenge mpaka pansi. Zaka 10 zolembedwa ndi zilembo zazikulu pachitseko nthawi zambiri ndi za kompuresa kapena mota yokha, osati firiji yonse, ndipo galanti ina imafa ngati kuka yaikidwa ndi munthu wopanda chiphaso.

Palibe chifukwa chogulira zonse ku kampani imodzi. Odziwa kupanga mauvuni si onse amene amadziwanso mafiriji. Ngati mukufuna kuti zifanane maonekedwe, fananitsani mtundu ndi zogwirira basi, ndipo dziwani kuti chitsulo chonyezimira ndi galasi lakuda zimaonetsa chala chilichonse. Ndalama zikachepa, ziikeni pa kuka, firiji ndi mawaya a m'khoma. Zinazo zingadikire, bola malo ake asiyidwe.

Tsiku limene katundu wafika

Sankhani ndi kulipira msanga kuti miyeso ikhale yotsimikizika, koma pemphani kuti katunduyo abwere fumbi la simenti ndi penti zitatha. Funsani tsiku limene galanti iyambe kuwerengedwa, lolipira kapena lolandira. Akafika, masulani makatoni onyamulawo asanachoke. Yang'anani makona, galasi ndi kumbuyo, werengani mashelefu, ndipo nambala ya chipangizo ifanane ndi ya pa lisiti. Jambulani kachikwangwani ka nambalako ndi foni chipangizo chisanalowe m'malo mwake, chifukwa chikalowa simudzakaonanso.

Gasi alumikize ndi mmisiri wovomerezeka, ndipo muone ndi maso anu akupaka thovu la sopo pa mfundo iliyonse. Pakatuluka timathovu totukumuka, pakudontha. Uvuni muuyatse wopanda kanthu kwa ola limodzi, mazenera ali otsegula, kuti fungo la kufakitale lithe. Makina otsukira mbale ayende ulendo umodzi opanda mbale, inu mutagwada ndi tochi kuyang'ana pansi pa sinki.

Firiji iime chilili kwa maola angapo musanailumikize, makamaka ngati inabwera chogona, kuti mafuta a kompuresa abwerere m'malo mwake. Ikhazikeni mowongoka pogwiritsa ntchito timiyendo take ta kutsogolo, ipendekere kumbuyo pang'ono kuti chitseko chizidzitsekera. Panani pepala pachitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, labala sakugwira, ndipo muwaimbire ogulitsa tsiku lomwelo. Usiku woyamba ikani kapu ya madzi pa shelefu ya pakati, muikemo choyezera kutentha. M'mawa chizisonyeza madigiri apakati pa 3 ndi 5. Chikasonyeza 8, sinthani kabatani kuti firiji izizire kwambiri, mudikire tsiku lina, muyezenso musanadzazemo chakudya.